Gulo Pansi pa Lezala

Ndikukumbukira dzanja la bambo anga pakhosi panga, kumbuyo kuno kumene tsitsi limathera. Linali dzanja lokhakhala, lonunkha dothi la mbatata ya kachewere ndi girisi wa njinga. Tsitsi langa likakula ankandikhazika pa chitsa pabwalo la nyumba yathu, kundipaka sopo m'mutu, n'kutulutsa lezala m'thumba la malaya. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo m'mudzi mwathu monse, kufupi ndi Lizulu, munthu amene ankatha kundimeta osandicheka anali iwo okha.

Chifukwa chake n'chakuti khosi langa lili ndi maganizo akeake. Zinayamba ndili Sitandade 3. Poyamba anali maso, kuphethira pafupipafupi ngati mwalowa utsi. Kenako mutu unayamba kugwedezekera kumanja mwadzidzidzi, ngati ndikukana chinthu chimene palibe wandifunsa. Pambuyo pake panabwera kamawu. Kamatuluka pammero, kafupi, kokwera: "Hi!" Munthu wosandidziwa amaganiza kuti ndinayamba kuseka n'kudzigwira pakati. Mukafuna kudziwa m'mene zimakhalira, yesani kuletsa kuyetsemula. Mumakumva kukubwera, mumalimbana nako, ndipo mukakutsekereza nthawi yaitali kumadzatuluka ndi anzake.

Ababa analibe dzina la zimenezi. Ankangoti galimoto. Msewu waukulu umadutsa pakati pa msika wathu, tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambiki, ndipo iwo ankauwoloka tsiku lonse ndi matumba a kachewere pa njinga. Pondimeta, chala chawo chachikulu chinkamva mtsempha wa khosi ukukungika ine ndisanagwedezeke. Pamenepo ankakweza lezala m'mwamba.

"Idutse kaye galimotoyo," ankatero.

Mutu unkapita kumanja n'kubwerera.

"Eya. Tiwoloke tsopano."

Sankausa moyo, sankandiyang'ana ndi maso achisoni. Ankangodikira, monga amadikirira munthu aliyense wanzeru m'mbali mwa msewu.

Kunja kwa chitsa chimenecho zinthu sizinali choncho. Kusukulu ananditcha Gulo, chifukwa cha buluzi wamutu wobiriwira uja amene amagwedeza mutu pa mtengo. Dzina langa lenileni ndi Yohane, koma linkamveka pokhapokha poitana maina m'mawa. Masiku amenewo sukulu inali itangokhala yaulere, ana tinali ngati nyerere, ndipo m'kalasi mwathu tinkathithikana mpaka mawondo kugundana. Pakati pa khamu lonselo panalibe pobisala. Ndikagwedeza mutu, mzere wonse wakumbuyo unkagwedezanso, onse pamodzi ngati akwaya.

Koma kunyozedwa ndi anzanga sikunandipweteke ngati zimene zinkachitika kumsika. Loweruka ndinkathandiza Amayi kugulitsa kabichi ndi karoti pa mazenera a mabasi. Tsiku lina ndili chikwezere beseni, ndinadziona pa galasi la basi: kamnyamata kowonda, kotuwa ndi mphepo ya Lizulu, maso akuphethira, mutu ukukoka kumbali. Ndinali ndisanadzionepo ndikuchita zimenezi, chifukwa kagalasi ka kunyumba ndinkakazemba. Mayi wina m'basimo anagwira mnzake pa mkono.

"Taonani mwanayo. Kalanga ine, anamuchita chipongwe ndithu. Mugulireni karotiyo, n'ngwachisoni."

Anagula. Karoti wathu anali wofota tsiku limenelo, koma anagula. Ndinabwerera kwa Amayi ndili ndi beseni lopepuka ndi mtima wolemera, ndipo kuyambira pamenepo ndinkayenda ndi mnyamata wa pa galasi uja m'mutu mwanga. Ndikamalankhula ndi munthu sindinkamva zimene akunena. Ndinkangodzionera ndekha m'maso mwake.

Njira yothawira ndinaipeza mwangozi, ndili Sitandade 5. Aphunzitsi athu a masamu, a Chimbalanga, anali atangobwera kumene. Anamaliza kulemba pa bolodi n'kufunsa kuti, "Mwamva nonse?" Kalasi yonse inati inde. Mutu wanga unakana, ndipo kamawu kaja kanatuluka.

"Iwe, ukuseka ndani?"

Ndisanayankhe, mtsikana wina wokoma mtima wa kutsogolo anakweza dzanja. "Musiyeni, aphunzitsi. Amadwala ameneyo."

Amadwala. Mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira m'malaya. Ndinaona nkhope ya aphunzitsi ikuyamba kufewa, ikusanduka nkhope ya mayi wa m'basi uja, ndipo sindikudziwa chimene chinandidzutsa, koma ndinapezeka nditaimirira.

"Sindidwala ayi. Ndikuseka dala. Mwakhalira choko, aphunzitsi, thalauza lanu kumbuyoko layera ngati mwagwa pa chigayo."

Kalasi inaphulika. Ndinalandira zikoti zabwino ndithu, za mtengo wa pichesi, koma pa nthawi yopuma anyamata amene ankandigeza aja anandizungulira ngati ndagoletsa chigoli. "Gulo ndi dolo," ankatero. Dzina linali lomwelo, koma linkamveka mosiyana. Ndinali nditaligula ndi matako anga, ndipo linali langa.

Kuchokera tsiku limenelo ndinalowa ntchito. Mutu ukagwedezeka, ndinkaonjezera kawiri mwadala kuti aziti ndikugeza munthu. Kamawu kakatuluka, ndinkafulumira kupeza chinthu choti ndiziti ndikuseka. Ndipo poti munthu wamwano ayenera kukhala ndi mbiri, ndinayamba kuimanga. Chule m'bokosi la choko. Zingwe za nsapato za mkulu wa kalasi kuzimangirira ku mwendo wa desiki. Koma ntchito imene ndimanyadira mpaka lero ndi ya chitedze. Mnzanga wina amene kwawo n'kuchigwa anandibweretsera ubweya wake m'kabokosi ka machesi, ndipo ndinauwaza bwinobwino pa benchi ya mzere wakumbuyo uja. Dzuwa litangotentha pang'ono, zinayambika. Wina phewa m'mwamba, wina khosi kumbali, wina kudumpha n'kukuwa popanda womufunsa. Aphunzitsi akuti khalani chete, iwo akulephera. Ndinakhala pakona ndikuwaonerera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinali munthu wodekha kuposa onse m'chipindamo. Tsiku limenelo agulo tinalipo ambiri. Anandipatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala, ndipo ndinalikumba ndikuimba. Mukandifunsa lero ngati ndikumva chisoni, ndikuuzani kuti ndikungodandaula kuti kabokosiko kanali kakang'ono.

Mbiri inafika kumudzi, inadutsa mpaka ku Tsangano kumene amakhala amalume anga a Binwelo, mchimwene wawo wa Amayi. Anthu anasiya kunena kuti mwana wa aNgozo analodzedwa. Anayamba kunena kuti mwana wa aNgozo ndi wamwano, amagwedeza mutu dala pofuna kunyoza akulu. Ngakhale Amayi, amene kale anayendapo nane kumapemphero, anayamba kundikalipira kuti ndisiye chizolowezi choipa. Ine zinkandikomera. Wamwano amamukwapula, koma samugulira karoti wofota.

Ababa okha ndi amene sanapusitsike. Ankadziwa ndi chala chawo kugwedeza kwenikweni ndi kwabodza. Tsiku lina akundimeta, atayamba kale kutsokomola chifuwa chimene chinadzawatenga, anaimitsa lezala nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Za chitedze ndamva," anatero. Ndinamva m'dzanja mwawo kuti akudziletsa kuseka. "Koma Yoha, ukamaphunzitsa anthu kuti zonse umachita dala, tsiku lina adzakukhulupirira."

"Ndiye zimene ndikufunazo, Ababa."

"Chabwino. Weramira kuno."

Anadwala nyengo yonse ya mvula. Njinga inaima pakhonde mpaka matayala kuphwa. Anamwalira mu Juni, nthawi imene chifunga chimakuta msika mpaka magalimoto kuyatsa nyali masana.

Pa maliro a kwathu, bokosi likatsitsidwa ndipo adzukulu akamaliza kukwirira, pamakhala mwambo woika nkhata za maluwa. Woyendetsa mwambo amaitana mmodzimmodzi: mkazi wa malemu, ana a malemu, akuchimuna, akuchikazi, a mpingo. Ana a malemu tinalipo awiri, ine ndi mlongo wanga Linesi, amene anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amayi a mpingo anatilukira nkhata yathu, yaikulu, ya masamba a mkungudza ndi maluwa ofiira, ndipo anatiuza kuti tidzaigwire awiri, ine kumanja iye kumanzere, tikagwade n'kuiika kumutu. Kunalibe china chimene ndikanawachitira Ababa. Mankhwala ndinalibe, bokosi anakhoma ena, manda anakumba ena. Changa chinali nkhata imeneyo, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti ndikaiika ngati mwana wa munthu, mutu uli chilili.

Choncho ndinayamba kudzigwira kuyambira m'mawa. Pa siwa ndinaluma mkati mwa tsaya. Pa ulaliki ndinakanikiza chibwano pachifuwa mpaka msana kuwawa. Anthu ankandiyang'ana n'kumanong'onezana kuti taonani, lero Gulo wakhala munthu. Sankadziwa kuti akungotsimikizira okha zimene ndinawaphunzitsa, zoti ndikafuna ndimatha kusiya. Pa ulendo wa kumanda nyimbo zinandithandiza, chifukwa m'phokoso ndinkatha kutulutsa pang'ono osamveka. Koma titafika pansi pa mitengo ija, bokosi litatsika, abusa anakweza dzanja kuti tipemphere. Kunagwa bata loti ungamve tsamba likugwa.

Ndinaimva ikubwera. Sinali galimoto imodzi. Unali mdipiti wa zonse zimene ndinaziimitsa kuyambira m'mawa. Ndinatseka pakamwa ndi manja onse awiri, koma zinatulukira momwemo.

"Hi! Hi! Hi-hi!"

Mutu unakoka kumanja, kawiri, katatu, ngati ndikukana pemphero lonselo. Abusa anaima. Kumbali ya akuchimuna, abale a Ababa, kunamveka kung'ung'udza. Wina anati, "Pa manda a bambo ake." Sanakuwe. Anangonena motsitsa, ndipo aliyense anamva.

Dzanja linandigwira pa mkono. Anali amalume a Binwelo. Iwo ndiwo mwini mbumba, ndipo manyazi a mwana wa mlongo wawo pamaso pa akuchimuna anali manyazi awo. Anandikoka kudutsa pakati pa anthu, kutuluka m'mitengo, mpaka m'munda wa kachewere wokumbidwa kale umene unali kuseri kwa manda.

"Amalume, si dala."

"Khala pansi."

"Ndikunena zoona, si dala. Zimangobwera zokha."

"Zokha? Chitedze chija chinabweranso chokha? Chule uja analowa yekha m'bokosi?" Ankalankhula mano ali olumana, maso ali ofiira, pakuti nawonso ankawakonda alamu awo. "M'mawa wonse unali phee. Wadikira pemphero kuti anthu akuone. Lero sutiseketsa, mphwanga. Ukhala pompano mpaka anthu amwazike."

Ndinafuna kuwauza kuti afunse munthu amene amadziwa. Kenako ndinakumbukira kuti munthuyo ndi amene akumukwirirayo.

Anaima pambali panga ngati mlonda. Kuchokera m'mundamo sindinkaona kanthu koma misana ya anthu ndi fumbi la makasu, koma ndinkamva zonse. Ndinamva dothi likugwa pa bokosi, poyamba mokweza, kenako mofewa. Ndinamva woyendetsa mwambo akuitana mkazi wa malemu. Kenako anati, "Ana a malemu." Panakhala kanthawi. Anabwerezanso, "Ana a malemu." Ndinayesa kudzuka, dzanja la amalume linandibweza pansi. Anandiuza pambuyo pake kuti Linesi anaikoka yekha nkhatayo, mbali imodzi ikukhukhuluzika m'dothi, chifukwa inamukulira.

Usiku umenewo palibe anandilankhula. M'mawa mwake kunali kumeta. Kwathu maliro akatha, abale apafupi amametedwa mpala pabwalo, kuti tsitsi la chisoni lichoke, limere latsopano. Amayi anametedwa ndi amayi anzawo, Linesi chimodzimodzi. Itafika nthawi yanga, amuna amene ankameta anayang'ana kumbali. Amalume anatenga lezala watsopano, anamuchotsa m'kapepala kake, n'kundilozera chitsa. Chinali chitsa chomwe chija.

"Ndikumeta ndine. Ndipo ugwedeze mutu wakowo pano, uone. Udzicheka wekha."

Anandipaka sopo ndi madzi ozizira. Dzanja lawo linagwira pamwamba pa mutu, osati pakhosi. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti zivuta, koma ndinangotseka maso. Lezala anayenda kamodzi, kawiri. Galimoto inabwera, ndipo panalibe woiona.

Sindinamve kuwawa msanga. Ndinangomva kutentha kukutsika kuseri kwa khutu.

"Mwaona mwano wake?" anatero amalume kwa anthu amene anali pabwalo. Koma mawu awo sanalimbe ngati dzulo lake. Anapukuta magazi ndi chala, anandigwira mwamphamvu kuposa poyamba, n'kuyambanso. Ndinalimbana nayo ndi mphamvu zanga zonse, Mulungu ndi mboni. Inabwerabe. Ulendo uno lezala analowa kwambiri, pamwamba pa khutu lakumanja, ndipo magazi osakanikirana ndi sopo anatsikira m'diso. Kamawu kaja kanatulukanso, "Hi!", misozi ili mbwembwembwe.

Ndikuganiza kuti aliyense pabwalopo ankawerengera chinthu chimodzi m'mutu mwake: mwana wamwano akhoza kuseka pa manda, koma ndi mwana uti amene angadzichekese kawiri ndi lezala kuti aseketse anthu amene sakuseka?

Amayi ndi amene analankhula. Anali atakhala pa mphasa pakhonde, mutu uli mbee, ndipo chiyambire maliro anali asananene mawu omveka.

"Achimwene, musamugwire pamutu. Ikani chala apa, pakhosi. Bambo ake ankatero. Ankati pamadutsa galimoto. Ine ndinkayesa ndi nthabwala zawo."

Amalume anasuntha dzanja. Chala chawo chinali chofewa kuposa cha Ababa. Tinadikira tonse awiri. Mtsempha unakungika pansi pa chala chawo, wokha, ine ndisanachite kanthu, ndipo ndinawamva akukoka mpweya. Anakweza lezala. Mutu unapita kumanja n'kubwerera.

Anandimeta mbali yotsalayo pang'onopang'ono, osandichekanso. Atamaliza anatsuka mabala ndi madzi a mchere, n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana lezala m'dzanja mwawo. Sanapepese. Kwathu malume sapepesa kwa mphwake pabwalo. Anangotembenukira kwa anthu n'kunena kuti, "Mwanayu akudwala."

Mawu aja anabweranso. Zaka ziwiri ndinawathawa ndi zikoti, ndi maenje a zinyalala, ndi chule, ndipo anandipeza nditakhala pa chitsa, mutu uli magazi. Amayi ena pakhonde anayamba kuti kalanga mwana, kalanga mwana wamasiye. Madzulo ake wina anandipatsa chiwindi cha nkhuku chimene chimayenera kupita kwa akulu. Ndinachidya, sindinama, koma chinali ndi kakomedwe ka karoti wofota.

Amalume anakapempha chilolezo kwa amfumu kuti apite nane kumanda. Tinapita awiri, m'mawa kuli chifunga. Nkhata zinali zitayamba kale kufota, ndipo yathu inali yopendekeka, mbali imodzi yodetsedwa ndi dothi. Ndinafuna kuiwongola. Amalume anati za pamanda sazigwiranso zikaikidwa. Tinaima pamenepo, iwo chipewa m'manja, ine mutu ukukana. Pobwerera anandigulira chimanga chootcha pamsika. Kumeneko ndiye kunali kupepesa kwawo, ndipo ndinakulandira.

Patapita miyezi ananditengera kuchipatala cha ku boma. Dokotala wake anali wachinyamata, ndipo anatchula dzina la vutoli m'Chingerezi, lalifupi ngati kamawu kanga komwe. Anati si ufiti, si misala, si mwano, ndipo kwa ambiri zimachepa akamakula. Anatinso kudzigwira nthawi yaitali kumangoziunjika. Amalume anayang'ana pansi pamene ananena zimenezo.

Pano ndangolemba mayeso a Fomu 4. Zinachepadi, ngakhale sizinathe. Pamwamba pa khutu lakumanja pali mizere iwiri pamene tsitsi silimera, ndipo atsikana akandifunsa ndimawauza kuti ndinamenyana ndi fisi ku Mlangeni. Za mwano sindinasiye. Nditangobwerera kusukulu maliro atatha, anthu onse akundiyang'ana ndi maso a chisoni aja, ndinathira phulusa m'chipewa cha mlonda, ndipo chikoti chimene ndinalandira chinandikomera ngati kubwerera kwathu kuchokera ku ulendo wautali. Ku sekondale ndinachita zina zimene sindingalembe pano chifukwa eni ake akadali moyo ndipo amadziwa kuwerenga. Palibe chimodzi mwa izo chimene ndingabweze. Mwana amene anzake amamugeza tsiku ndi tsiku amayenera kupeza pobisala, ndipo ine ndinabisala m'nthabwala chifukwa ndi nyumba yokhayo imene ndinkatha kumanga ndekha.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chimene Ababa ananena lezala ali m'mwamba. Ndinkaganiza kuti pali maina awiri okha, wodwala ndi wamwano, ndipo ndinasankha limene silinkanunkha chisoni. Sindinaone kuti pa chitsa paja panali lachitatu. Iwo sankandiona ngati wodwala, sankandionanso ngati wamwano. Ndinali Yoha, mwana wawo amene khosi lake limadutsa magalimoto, basi. Ndikanalola anthu ena awiri kapena atatu kuika chala pamenepo, pakanapezeka wina pa manda paja woti anene kuti musiyeni, idutse kaye. Koma ndinabisala mwaluso kwambiri, moti tsiku limene ndinkafuna kupezeka panalibe wodziwa pondifunafuna.

Masiku ano ndimametetsa pamsika, kwa mnyamata wina wa makina a magetsi. Ulendo woyamba, asanayambe, ndinatenga dzanja lake n'kuliika pakhosi panga. Anadabwa. Ndinamuuza kuti akamva pakukungika akweze makinawo, adikire. Anandifunsa kuti adikire chiyani.

Ndinati, "Muona. Imadutsa yokha."